Bwalo Limene Linkalowa M'pemphero la a Kochi

Mumpingo mwathu tonse tinkangowatchula kuti a Kochi, ngakhale ana amene anabadwa iwo atasiya kale ntchitoyo. Anakulira kuseri kwa tchalitchi, mayi awo akusesa mkati, iwo akumenya mpira wamapepala panja mpaka belu litalira.

Atakula anapatsidwa timu yoti aziphunzitsa. Abale inu, ntchito ija inali yowawa! Timu ikapambana, ulemu unkapita kwa osewera. Ikagonja, ochemerera ankawadikirira pageti ndi mwano, iwo n'kungoweramitsa mutu. Chakudya chinaleka kutsika, tulo tinathawa, ndipo mwana wawo anayamba kuyenda bambo ake ali m'basi, paulendo wa masewera.

Koma chimene chinawaliza kwenikweni chinali china. Akatsinzina kuti apemphere, ankaona bwalo. Akangoti "Atate wathu", mpira wagubuduka kale pakati pa mawuwo, osewera akuyandama ngati zovala pachingwe, onse maso ali pa iwo. Lamulungu lina, abusa ali pakati pa pemphero, a Kochi anakuwa kuti, "Bwererani kumbuyo!" Akwaya anaseka mpaka misozi. A Kochi sanaseke.

"Mayi, Mulungu ndamutaya," anauza akazi awo pobwerera kunyumba. "Pemphero limodzi lokha likundikanika kufika pa Ameni."

"Ndiye asiyireni ena mpirawo, bambo. Kodi munabadwa ndi wezulo pakamwa?"

Anasiyadi, anthu akuwanena kuti ndi amantha. Anayamba kukhoma mabenchi ogwedera a m'tchalitchi ndi kuyendera odwala. Makochi achinyamata akabwera atafooka, maso ali psuu, ankawakhazika pakhonde n'kuwalola kulankhula mpaka mtima utatsika. Kenako ankati, "Mwana wanga, mpira uli ndi mpweya wake kale. Usaupatse wako."

Komabe bwalo lija silinawasiye. Zaka zinapita, imvi zinadzaza mutu, ndipo pemphero lawo linkaduka panjira monga kale. Zinkawapweteka kwambiri, koma m'mawa uliwonse ankagwada n'kuyambanso.

Atadwala matenda awo omaliza, masana ena dzuwa likulowera pazenera, anapempha akazi awo kuti awagwire dzanja. Anatsinzina n'kuyamba pang'onopang'ono, mawu ndi mawu, osapunthwa, mpaka anafika pa Ameni.

"Lachoka bwalo lija?" anafunsa mayiwo monong'ona.

"Ayi, lilipo. Udzu wake ndi wobiriwira, ana akuthamanga opanda nsapato." Anamwetulira asanatsegule maso. "Koma palibe amene akundiyang'ana. Alipo wina akuwayang'anira."

Anagona tulo tabwino, timene anatisowa zaka zambiri, ndipo sanadzukenso. Ife otsala, amene maganizo amatithawa tikagwada, tiphunzirepo kuti munthu uyu anayambanso pemphero lomwelo m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene analimaliza.