Ndinasiya ana a nkhumba m'dengu n'kupita kumaliro

Amati chifundo chinapha nkhwali. Inu owerenga, changa chinapha ana a nkhumba, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Nkhumbayo sinali yanga. Achimwene anga a ku Ulongwe anandipatsa kuti ndiwawetere, pangano n'lakuti ikaswa tigawane ana. Kwa ine mayi wamasiye, uwu unali mwayi wokhala ndi ziweto zangazanga.

Inaswa m'mawa wina m'nyengo yachisanu. Ndisanasangalale n'komwe, uthenga unafika woti amayi aang'ono atisiya ku Lifidzi. Maliro a mayi ako sungati ndibwera mawa. Koma nkhumba ija kanali koyamba kuswa, inkangodzigwetsa paliponse, ndipo ndinaopa kuti iwagonera ana. Ndiye nzeru zanga zija: ndinawatola onse asanayamwe, kuwamwetsa mkaka wa ng'ombe, kuwafunditsa masaka m'dengu, ine ulendo.

Ndinabwerako mawa lake dzuwa litapendeka. Onse amoyo! Ndinawabwezera kwa make, anayamwa, ine n'kumadzitama mumtima.

Sabata isanathe anayamba kutsegula m'mimba. Ankafa mmodzimmodzi, ine ndikungoyang'ana. Achimwene anabwera ndi alangizi a ziweto, omwe anandifunsa funso limodzi lokha: "Mayi, mkaka woyamba uja anayamwa?"

Anandifotokozera kuti mwana wa nkhumba amabadwa wopanda chitetezo ku matenda. Amachipeza mumkaka woyamba, wachikasu uja, ndipo matumbo ake amachilowetsa m'magazi tsiku lobadwa lokha, makamaka akangobadwa kumene. Tsikulo likapita, khomo latsekeka. Ayamwe chotani, chitetezo chija sichilowanso. Mkaka wa ng'ombe wanga uja unangowakhutitsa.

Achimwene sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Achemwali, nkhumbayi ndikaisiye kwina." Anaimanga chingwe n'kupita nayo.

Inu owerenga, nkhumba ikaswa, apukuteni anawo, muwaike pabere nthawi yomweyo, wofooka mumugwirizire mpaka ayamwe. Mukaopa kuti make awagonera, khalani pomwepo muziyang'anira. Zikakugwerani ngati zanga, pemphani mnansi akukhalireni, musachite manyazi. Ine ndinali ndi anansi mbali zonse, koma sindinagogode pakhomo la munthu.