Msuzi woyera ndi bakha wa apongozi

Apongozi anga aakazi atamwalira, apongozi aamuna anasiya kudya. Sanalengeze, sanakwiyire munthu. Mbale inkapita pa mkeka wawo pansi pa mtengo wa nimu n'kubwerako momwe yapitira, mwina atangotsinako pambali ngati yajompholedwa ndi nkhuku. Sabata yoyamba tinati ndi chisoni. Yachiwiri tinati ndi kutentha, poti unali mwezi wa Okutobala, ndipo kuno kwa Malemia nthawi imeneyo ngakhale mbuzi imadya monyinyirika. Sabata yachitatu lamba wa buluku lawo anafika pa bowo lomaliza, iwo n'kuboola lina ndi msomali.

Mwamuna wanga amagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo ndipo amabwera Loweruka lokha. Anawakweza pa njinga yamoto kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anawayeza magazi, kuwamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti matenda palibe, bambowa angodya basi. Alamu anga awiri, wina wokwatiwa ku Bangula wina ku Blantyre, ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa chomwe ndawaphikira bambo awo. Kuphika pa foni n'kosavuta. Wa pamafuwa ndinali ine ndekha, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti mkuluyo akutsatira mkazi wake pang'onopang'ono.

Vuto linali lakuti ine ndi apongozi aamunawo sitinkalankhulana. Sikuti tinayambana ayi. Banja lawo linachokera tsidya la Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo mwambo wawo anabwera nawo wathunthu: mtengwa sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sakhala nawo mkeka umodzi, sawafunsa kanthu. Kwathu ku Chikwawa ulemu ulipo, koma osafika pamenepo. Zaka khumi ndi zisanu ndinkagwada patali, kuika mbale, kuwomba m'manja n'kubwerera. Mawu onse ankadzera mwa apongozi aakazi. Tsopano wodzeramo mawu panalibe, poti mwana wathu mmodzi yekhayo anali ku sekondale yogonera komweko. Pakhomo tinatsala awiri, munthu wosadya ndi munthu wosaloledwa kufunsa kuti mukufuna chiyani.

Lamulungu lina mwamuna wanga akumanga chikwama chake anangoti, “Mwina ukanawaphikira msuzi woyera uja wa amayi.” Ananena ngati akutchula phala.

Msuziwo ndinkaudziwa ndi maso okha. Apongozi aakazi ankauphika mwina kawiri pa mwezi, kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku limenelo ankatithamangitsa tonse. Unali woyera, wothithikana pang'ono, muli nsomba ndi mbatata, wodyera mpunga kapena kungomwa ndi supuni. Ine sindinkaukonda. Kwa ine nsomba yopanda tomato inali ndiwo ya wodwala, ndipo ndinanenapo zimenezi kwa anzanga ku mjigo kangapo. Choncho sindinafunsepo kaphikidwe kake. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti mumalowa kokonati, chifukwa zigoba zake ndinkasesa ndine.

Lolemba ndinapita ku msika. Ndinagula nsomba, makakana anayi aawisi, kwa asodzi a kudambo, ndi kokonati mmodzi kwa mayi wina amene amaoloka nazo pa bwato kuchokera tsidya lija. Kunyumba ndinaswa kokonatiyo ndi chikwanje, madzi ake ndinathira mu mphika, nyama yake yoyera ndinaiduladula ngati chinangwa n'kuponyamo. Ndinaika nsomba, mbatata, anyezi, n'kusonkhezera moto. Zinawira koma osayera. Ndinaganiza kuti choyeretsa msuzi ndi mkaka, ndiye ndinatenga mkaka wa ufa umene tinasungira alendo n'kuthiramo masupuni anayi, kenaka n'kutakasa ndi mthiko mwamphamvu. Nsomba zinasungunuka, minga inamwazika mphika wonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene zoti achite munthu amene kufunsako n'koletsedwa.

Ndinapereka mbaleyo momwemo, n'kukaima kuseri kwa khomo la khitchini.

Pakhomopo panali bakha wamphongo amene malemu analera. Masabata amenewo ananenepa kwambiri, poti chakudya chokanidwa chinkathera kwa iye, ndipo sankachoka pafupi ndi mkeka. Apongozi anayang'ana mbale, ananunkhiza, anavuula kachidutswa ka kokonati ndi supuni n'kukayang'anitsitsa. Kenaka anatembenukira kwa bakhayo.

“Iwe bakha,” anatero ndi mawu okwera kuposa amene bakha amafunika, “unaonapo kuti munthu akuthira madzi a kokonati mu mphika? Nkhabe, ayi. Madziwo ndi akumwa ana. Mkaka uli m'nyama yakeyo. Amapala, n'kufinya.”

Ndinapsa mtima. Tsiku lonse ndapsa ndi moto, ndiye andinyoze kwa bakha? Koma ndinazindikiranso kuti amenewa anali mawu ambiri kuposa onse amene analankhula chiikireni maliro. Ndinayang'ana mphika wanga wakuda uja n'kuulankhula mokweza.

“Iwe mphika, ukanakhala ndi pakamwa ukanandiuza kuti amapala ndi chiyani.”

Bakha anali atayamba kale kudya msuzi wanga.

“Bakha, ukayang'ane pa denga la khola la mbuzi. Pali kampando.”

Kampandoko ndinali nditakaonapo. Kanali kafupi, kathabwa limodzi, kutsogolo kwake atakhomerako kachitsulo kozungulira kokhala ndi mano. Zaka zonsezo ndinkayesa n'kopalira mamba a nsomba.

M'mawa mwake ndinabwereranso ku msika. Pofika ndinapeza mkeka wasuntha. Unali pafupi ndi khitchini, apongozi atakhala chofulatira, bakha ali pambali pawo. Tsiku limenelo bakha anaphunzira zambiri. Anauzidwa kuti mitu ya nsomba ndi michira amaiwiritsa payokha ndi anyezi ndi adyo, n'kusefa madziwo kuti munga usatsalemo. Anauzidwa kuti kokonati wopala amathiramo kapu imodzi ya madzi ofunda n'kufinya ndi manja, ndipo mkaka woyamba umenewo, wolemerawo, amauika padera. Amathiranso madzi n'kufinya kachiwiri, ndipo mkaka wachiwiriwo ndi umene amaphikira mbatata pamodzi ndi madzi a mitu aja. Mbatata yake ikhale yoyera ya kudimba, osati yofiira yotsekemera. Anauzidwanso kuti m'chipinda cha malemu, m'chitini cha pawindo, muli kamarau.

“Mphika iwe, kamarau n'chiyani?”

“Bakha, ndi tinkhanu touma ta ku nyanja ya mchere. Dzanja limodzi. Atsuke kaye mchenga.”

Ndinatipeza, tofiirira, topindika, tonunkha ngati doko. Chitinicho chinali pakati. Ndinaima nacho m'chipindamo kanthawi, chifukwa pa chivindikiro pake panali padakali kansalu kamene malemu ankamangira kuti nyerere zisalowe, mfundo yake yomwe ija. Apo ndinamva chisoni, ndipo sindinali nditachimva bwinobwino ngakhale tsiku la maliro, poti ndinali pa miphika.

Kupala kunandivuta. Munthu amakhala pa kampando, theka la kokonati m'manja awiri, n'kumalikwecha pa mano aja. Ine ndinkakanikiza ngati ndikuchapa buluku la ku esiteti. Ndinadzicheka chala, ndipo zopalazo zinatuluka ndi timadontho takuda ta chigoba. Ndinapitiriza. Mbatata itafewa ndinaika minofu ya nsomba, ndipo bakha anachenjezedwa kuti kuyambira pamenepo mthiko sulowanso mu mphika, amangougwedeza mphikawo ndi manja. Mpaka apo zinkayenda. Koma nditathira mkaka woyamba uja, kumkeka kunali zii. Mkuluyo anali atawodzera. Ine ndinaona moto wachepa, n'kusonkhezera nkhuni ziwiri. Msuzi unabwata, n'kulekana: mafuta pamwamba, timibulu toyera pansi.

Anadya masupuni atatu. Ndinkawerenga ndili pa mng'alu wa chitseko.

“Bakha, moto unachuluka. Mkaka woyamba ukalowa, nkhuni zimatuluka. Komanso wopalayo wapala ndi chigoba chomwe. Pikuwawa.”

Tsiku limenelo bakha uja ndinamuyang'ana ndi maso a mpeni. Alamu a ku Blantyre ataimba ndinawauza kuti bambo adya masupuni atatu. Iwo anati atatu okha, bwanji osawagulira yogati. Ndinati netiweki yavuta, n'kudula.

Lachitatu ndinalawirira ku msika dzuwa lisanakwiye. Makakana kunalibe, ndinagula mlamba umodzi wonenepa ndi kokonati wina. Ndinasiya zonse pa thandala n'kupita ku mjigo, kumene mzere unali wautali monga mwa nthawi zonse. Pobwera, ndowa ili pamutu, ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba. Kwe, kwe, kwe, n'kupuma. Kwe, kwe, kwe.

Phokoso limenelo ndinalimva zaka khumi ndi zisanu, kawiri pa mwezi, ndili kutsogolo kwa nyumba kumene anatithamangitsira. Nthawi zonse ndinkati ndi apongozi aakazi. Ndinatula ndowa n'kusuzumira pa ngodya. Anali apongozi aamuna, atakhala pa kampando kaja, malaya atapinda, theka la kokonati likuzungulira m'manja mwawo mosavuta. Zopalazo zinkagwera m'beseni zoyera mbee, zopanda kadontho. Ankapala pang'ono n'kupuma, chifukwa mphamvu zinalibe, koma manjawo ankaidziwa ntchito.

Apo ndi pamene ndinamvetsa chimene malemu ankatithamangitsira. Sankabisa kaphikidwe. Ankabisa mwamuna wawo, mkulu wa mpingo, woweruza nkhani za mabanja a anthu, atakhala pa kampando ka kukhitchini akupalira mkazi wake kokonati. Msuziwo unali wa anthu awiri, ndipo mmodzi anali akadalipo.

Anaona chithunzithunzi changa pa khoma. Sanatembenuke.

“Bakha,” anatero, “usakauze anthu.”

“Mphika sulankhula zakunja,” ndinayankha ndili kuseri.

Anafinya okha mkaka woyamba, wachiwiri ndinafinya ine atasiya beseni pakhomo la khitchini. Ndinawiritsa mutu wa mlamba ndi anyezi ndi adyo, ndinasefa kawiri. Mbatata ndinadula timagawo tofanana, theka lake ndinalisiya lifewe mpaka kuphwanyika kuti msuzi ulemere. Kamarau analowa, kenaka mchere, kenaka minofu ya mlamba, yomwe ndinaiyala pamwamba osaikhudzanso. Itayera ndinachotsa nkhuni zonse n'kusiya makala okha. Ndinathira mkaka woyamba pang'onopang'ono, ndikugwedeza mphika ndi nsanza m'manja. Sunabwate. Unangonjenjemera m'mbali. Ndinaphula, ndinafinyiramo ndimu theka monga bakha analangizidwira, n'kuponyamo tsabola mmodzi wathunthu wosaswa. Ndinalawa pa chikhato. Ndivomere, anzanga a ku mjigo ndinawanamiza zaka zonse zija. Ndiwo imeneyi si ya wodwala.

Ndinathira m'mbale yakuya, mpunga m'mbale ina, ndinagwada, kuika, kuwomba m'manja n'kubwerera kumalo anga kuseri kwa chitseko.

Supuni yoyamba anaisunga m'kamwa nthawi yaitali. Yachiwiri inatsatira. Nditafika pa khumi ndinasiya kuwerenga. Anathira mpunga mu msuzi, anadya, anapuma, anapukuta thukuta ndi chipewa, anadyanso. Pomaliza anapendeketsa mbale n'kumwa zotsalira. Sanalire, ndipo ine sindinalire. Ndinangokhala pansi pa chikuni.

“Wa mai anu unali wabwino kuposa uwu,” anatero. “Munyu, mcherewu, wachepa pang'ono. Koma takhuta.”

Ndinkadikira kuti bakha alandire uthengawo monga mwa masiku onse.

“Mangwana mugule kokonati awiri. Ndipala ndine.”

Ndinasuzumira kuti ndione bakhayo. Pamkeka panalibe. Ndinayang'ana ku khola, kunalibe. Ndinamuona patali, ku matope a ku mjigo, akusambira ndi anzake, poti anaona kuti lero mbale sibwera kwa iye. Pabwalo ponse panali apongozi okha, ndipo anali atatembenuka, akuyang'ana khomo la khitchini.

Ndinatuluka, ndinagwada pamene ndinkagwada nthawi zonse, maso pansi.

“Ndamva, baba,” ndinatero. “Mawa, awiri.”