Chipsera cha pa Diso Lakumanzere

Lachiwiri ndinakwera basi kupita ku Oadby, kufupi ndi kumene timakhala kunja kuno, kwa mayi wina wojambula nkhope za anthu ndi penti. Ndinamupatsa zithunzi za Tadala, mkazi wanga, amene anatisiya chaka chatha. Anaziyang'anitsitsa, kenako anandifunsa ngati ndikufuna kuti chipsera chioneke.

Tadala anali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere. Anagwa pa njinga ali mwana.

Ndinati ndikaganize kaye.

Nditaimbira apongozi anga ku Zomba, sanachedwe kuyankha. "Bambo a Chisomo, muwauze achichotse. Mwana wanga aoneke bwino."

"Ndamva, amayi."

Ku laibulale ya ku Beaumont Leys ndinabwereka buku la makalata a wojambula wina wa ku America wakalekale. Ndinkayembekeza nzeru zakuya. Ndinapezamo ntchito basi. Uku akupangana tsiku ndi woti ajambulidwe, uku akuitanitsa penti, uku akudandaula kuti m'chipinda simulowa kuwala. Ndipo kawirikawiri akulimbana ndi achibale ofuna kuti mphuno ichepeko, makwinya achoke. Nthawi zina ankakana. Nthawi zambiri ankagonja, chifukwa ntchito ndi ntchito. Buku lija silinandisankhire chochita. Linangondionetsa kuti pempho la apongozi anga si lachilendo.

Kodi ife sitichita zomwezo? Munthu akamwalira timathamangira chithunzi cha pa ukwati, tikupita nacho kosindikiza, tikuti achisalaze. Chimene chimatuluka pa pulogalamu ya maliro ndi pa nsalu ndi munthu wosalala, woyererako, amene sanakhaleko nafe m'nyumba. Timati ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi. Inenso ndinavomera.

Koma Chisomo, mwana wathu, ataona pulogalamu ija anaikankha, n'kunena m'Chingerezi chake kuti amenewo si amayi. Anazolowera kuika chala pachipserapo akanyamulidwa. Tsopano ali ndi zaka zinayi. Akamadzafika khumi, nkhope imene adzaikumbukire ndi imene ndipachike pakhoma chaka chino. Ndimupatse iti?

Lachisanu ndinaimbanso.

"Amayi, mundikhululukire. Chipseracho ndikufuna chikhale. N'chimene Chisomo amawadziwira mayi ake."



"Tsiku limenelo ndinamubereka kumsana mpaka kuchipatala," anatero pang'onopang'ono. "Magazi pabulauzi ponse. Iye osalira n'komwe, akungofunsa ngati njinga yathyoka."

Nkhani imeneyo sindinkaidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, sindinafunsepo.

"Ndiye ndiwauze bwanji, amayi?"

Anapumira m'mwamba.

"Chili kumanzere, bambo a Chisomo. Chimapindikira m'munsi pang'ono. Muwauze asalakwitse."