Utsi m'chipinda cha amuna anga

Ena akamva nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma ndikunenetsa pamaso pa Mulungu, izi zinachitika m'nyumba mwanga ku Area 47, dzuwa likuswa mtengo, zaka zingapo zapitazo.

Amuna anga anadwala khansa ya m'mapapo, ndipo madokotala ataona kuti yafalikira anatibweza kunyumba ndi chibotolo cha mpweya wa okosijeni ndi kachubu kolowetsa m'mphuno. Anesi anandichenjeza kuti moto usayandikire pamenepo, ngakhale kandulo. Munthu amene ankakwera masitepe a kuofesi ku City Centre akuimba mluzu anafika pomapumira panjira popita kuchimbudzi.

Kenaka kunabwera alamu anga, achemwali awo aakulu, kuchokera kumudzi cha ku Mitundu. Mayi wachikondi, sindikana, koma liuma lake losasimbika. Iwo ankati munthu wosasuta fodya angadwale bwanji mapapo, apa pali dzanja la munthu, ndipo chofunika n'kumufukiza mankhwala achikuda. Ndinakana mwaulemu, iwo anati chabwino, ine n'kumati nkhani yatha, poti mlendo ndi mame.

Tsiku lina mankhwala opha ululu atatsala pang'ono kutha, ndinathamangira ku famase ya amwenye ku Old Town, ndipo mukudziwa mmene magalimoto amathinanira pamlatho paja. Pobwera, ndili pageti, ndinamva fungo la masamba opsa, ndipo nditaona mawindo a kuchipinda ali otseka, ndinathamangira m'nyumba.

M'chipindamo munali utsi wokhawokha. Amuna anga anali atakhala pansi, atafunditsidwa bulangete mutu wonse, phale la makala lili pakati pa miyendo, kachubu kaja kali pompo kakutulutsabe mpweya. Ndikungolowa chomwechi, bulangete linagwira moto, lawi lake lothamanga moti sindinaonepo. Ndinalikoka ndi manja angawa n'kuliponya kunja, n'kutseka chibotolo. Milomo ya amuna anga inali itada bii, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa koma mpweya osalowa. Kodi munayamba mwaonapo munthu amene mumamukonda akusakasaka mpweya, inu muli nawo wambiri koma osatha kumugawira? Alamu anangoti chilili pakona, manja ali kumutu, akubwereza kuti iwo amafuna kuthandiza.

Ine ndi alamu omwewo tinawanyamulira m'galimoto, ndipo kuchipatala anatsitsimuka. Ukali unali utandikwera, moti ndinalamula kuti alamu alongedze tsiku lomwelo, abwerere kwawo. Apo amuna anga anandikodola ndi chala n'kunong'ona.

"Mayi, musawathamangitse achemwali. Ndinawapempha ndine. Ndikuopa kufa, ndimafuna ndiyese chilichonse."

Ndinalira ngati mwana. Miyezi yonseyo bamboyu ankandiseketsa, kumandiuza kuti akupezako bwino, ine n'kumauza anthu kutchalitchi kuti ndi munthu wolimba mtima, osadziwa kuti mumtima akunjenjemera yekha. Alamu sanapite. Amuna anga anatisiya mvula isanayambe, tonse awiri tili pambali pawo.

Lero ndimakhulupirira kuti wodwala amene akukumwetulirani kwambiri mwina ndi amene mantha amukuta, kungoti akukusungani inuyo. Ndiye inu amene mukudwazika, musamangoona za mankhwala ndi phala lokha. Khalani pabedi pake, mumufunse chimene akuopa, mupirire yankho lake. Mukapanda kutero adzauza wina, ndipo winayo adzamuthandiza mmene akudziwira, inu mutachokapo.