Abiba wa ku Lungwena ndi Phokoso Losamveka

Abiba Wadi anatsika minibasi pa Mangochi ali ndi chikwama chimodzi komanso kalata yomuchotsa sukulu. Anakhala kunja zaka ziwiri, kuchita digiri yachiwiri ya fizikisi. Mphunzitsi womuyang'anira atawerenga ntchito yake anangoti, "Awa ndi maloto. Bwerera kwanu."

Kwawo ku Lungwena anayamba kuyanika usipa pa thandala la azakhali ake. Anthu akamuona ankanyogodola, "Adokotala a usipa afika!"

Bambo ake, Che Wadi, omwe anagulitsa bwato kuti iye aphunzire, sanamukalipire. Anangofunsa, "Mwanangu, unkafufuza chiyani kwenikweni?"

"Baba, pali zinthu zina zomwe zikazizira kwambiri, tizigawo take tosaoneka ndi maso timalukana, kena n'kumadalira kanzake ngakhale titatalikirana. Kutentha ndi kugwedezeka, zomwe ife timazitcha phokoso, zimamasula kulukanako. Koma phokoso likachepa, kulukanako kumapirira. Ndikufuna kupeza malire ake."

"Sindinamvepo kanthu," anatero bambowo. "Koma umalizitse."

Mmawa ankagwira za usipa, masana masamu. Laputopu yake yakale ankakaitchajitsa pometera tsitsi, ndipo itafa m'nyengo ya mvula, anapitiriza m'makope. Anakwera kabaza mpaka kutauni kukatumiza pepala la kafukufuku wake ku magazini ya asayansi. Analikana. Anatumiza kwina, analikananso.

Chowawa kwambiri chinabwera pambuyo: anapeza yekha kuti analakwitsadi mzere umodzi wa masamu, ndipo zonse zotsatira zinali zopotoka. Anakhala sabata yathunthu osatsegula kope. Kenako anayambiranso. Zinamutengera miyezi isanu ndi iwiri.

Kachitatu pepala linalandiridwa, ndipo yunivesite ina yakunja inamuitana kukachita digiri ya udokotala. Uthengawo unafika patatha masiku asanu ndi anayi Che Wadi ataikidwa m'manda. Abiba anauwerenga ataima pamsika, manja akununkha nsomba. Sanaseke, sanalire. Anamaliza kaye kugulitsa.

Lero akufufuza momwe makompyuta a kwantamu, omwe amagwiritsa ntchito tizigawo tolukana tija, angatetezedwere ku phokoso. Akamufunsa ngati ndi wokondwa, amayankha, "Ndinamaliza. Chisangalalo sindinachipezebe."

Inu amene mukuwerenga, sindikunamizani. Chipambano chimatha kuchedwa, n'kupeza woti akuombereni m'manja kulibe. Komabe ntchito yanu palibe amene adzakumalizireni. Pomwe mwalakwitsa konzani, mutumizenso. Osataya mtima.