Anthu khumi ndi awiri a pakhomo pa azakhali

Lachinayi. Ndadzuka ndi mtima wolimba, ngakhale azakhali anga sanandiyankhe moni m'mawa uno.

Zinayamba Lolemba. Aphunzitsi athu a jogalafe anatiwerengera pa foni za kamzinda kena ka ku India, komwe anthu amalankhula Chimarathi. Nkakang'ono, koma zonse zinalembedwa: chiyambi chake, malo amene kali, anthu alimo angati, odziwa kuwerenga ndi angati. Atafufuza za dera lathu kuno ku Marka, foni inangoonetsa madzi osefukira.

"Sabata yamawa aliyense abweretse mbiri ndi chiwerengero cha anthu a kwawo," anatero.

Dzulo ndinayambira kwa azakhali, mayi Fulukiya. Atangoona kope ndi cholembera anandiyalira mkeka, zimene sanachitepo chibadwire changa.

"Lemba khumi ndi awiri, mwanawe."

"Azakhali, pano mumagona anthu asanu."

"Nanga achibale a ku Mozambique aja si anthu? Akabwera amadya mphepo?"

"Izitu si za chimanga, ndi za kusukulu."

"Onse amatero poyamba. Lemba!"

Pocheuka ndinapeza mzere wa anthu ofuna kulembetsa wafika pamjigo. Bambo wina analembetsa mkulu wake amene tinamuika m'manda chaka chatha. Ndinang'amba tsambalo onse akuona, ndipo azakhali anandilanda mkeka wawo.

Musawaseke, owerenga anga. Kodi ndi liti pamene munthu wa kope anabwera kwathu kuno madzi asanasefukire? Ndani anatifunsapo maina popanda thumba la ufa kumbuyo kwake? Tinaphunzira kuti kulembedwa ndi kulandira, ndipo wonena zoona amagona ndi njala.

Komabe ndikukana. Tsiku lina tidzapempha chipatala kapena makalasi owonjezera, tidzanena kuti tilipo ambiri, ndipo zidzakhala zoona. Adzatikhulupirira ndani? Anthu a ku India aja amadziwika ngakhale kusanagwe tsoka. Ifenso tili ndi chiyambi, tili ndi Shire, tili ndi Chisena ndi Chimang'anja pakamwa pamodzi. Chosowa ndi wolemba basi, ndipo ine ndilipo.

Mawa ndilawirira kudimba kwa azakhali ndi khasu, wopanda cholembera. Akwiye ndithu, koma sangathamangitse wodzawathandiza kupalira mbatata. Tikafika pakati pa mzere ndiwafunsa kuti anayamba kukhala pamudzi pano ndani, nanga anachokera kuti. Anthuwo ndiwerenga ndekha, khomo ndi khomo, chamumtima.