Juzi ya Amadeu ndi Pulinta ya Bwana

Mu Tete monse muno, wovala juzi mwezi wa Okutobala ndi Amadeu Jequessene yekha. Amasamala makompyuta pakampani yathu ya malole, ndipo amakhala m'kachipinda kozizira momwe muli kompyuta yaikulu yosunga maulendo onse. Ife tikamasamba thukuta, iye amatuluka akunjenjemera, n'kufunsa ngati tiyi alipo. Nsanje ndinkamuchitira, sindibisa.

Vuto lake linali kudziwa ntchito mopitirira muyezo. Zaka khumi makina osawonongeka, ndiye palibe ankamuona akugwira ntchito. Bwana watsopano, Dona Felismina, anamuyang'ana masabata awiri n'kumuitana.

"Bambo Amadeu, kwenikweni inu mumachita chiyani pano?"

"Ndimaonetsetsa kuti pasachitike kanthu, Dona."

"Ndiye kanthutu sikakuchitika. Mwezi ukatha mukapume kunyumba."

Zinandiwawa. Munthu wa imvi, wa ana anayi, ntchito ina akanaipeza kuti?

Lachisanu loyamba iye atachoka, Dona anazungulira maofesi akuzimitsa magetsi poweruka, monga mwa chizolowezi chawo. Anapeza makina oziziritsira mpweya akulira m'chipinda chopanda munthu.

"Kompyuta imatuluka thukuta ngati?" anatero, n'kumatula kapepala ka Amadeu kolembedwa kuti OSAZIMITSA, n'kuzimitsa makinawo.

Pofika Lolemba kompyuta ija inali itakomoka ndi kutentha. Malole makumi anayi anandanda pageti, madalaivala osadziwa wopita ku Beira ndani, wa ku Moatize ndani. Dona anakamutenga okha Amadeu pa galimoto yawo.

Munthu uja anagona chagada pansi pa makina mpaka masana, akubuula, akuitanitsa madzi, juzi ataiponya uko. Ndinagwada pambali pake.

"Achimwene, zavuta chonchi?"

"Zinatheka kale m'mawa, chemwali," ananong'ona. "Panopa ndikugwira ntchito yoti aione."

Ntchito anamubwezera tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo, pulinta ya Dona imafa kamodzi pamwezi, ndipo siifa iwo kulibe. Amadeu amathamangira komweko ndi chikwama cha zida, amapukusa mutu, amatukwana fumbi la ku Tete, pakapita ola pepala n'kutuluka. Dona amauza alendo kuti popanda bamboyu kampani ikanagwa kalekale.

Ine ndimaseka, koma penapake zimandipweteka. Zaka khumi za ntchito yabwino zinamuchotsetsa ntchito. Chimene chikudyetsa ana ake lero ndi kawaya kamodzi ka pulinta kamene amazula yekha.